Amayi agwa kawiri chaka chino, tiwagulire magalasi ena?

Funso ili lachokera kwa mayi wina wa ku Malindi, ndalidula pang'ono: "Amayi anga ali ndi zaka 74, chaka chino agwa kawiri. Koyamba anaphonya sitepe ya pakhonde chakumadzulo, kachiwiri anagwa m'bandakucha akupita kuchimbudzi mpaka anasupuka bondo ndi chigongono. Tikawafunsa amati maso ali bwinobwino, mpunga amasankha okha, kuwerenganso amawerenga ndi magalasi omwe tinawagulira pamsika. Achimwene anga ali ku Johannesburg akuti atumize ndalama tigule magalasi ena amphamvu. Tigule, kapena ndi ukalamba basi?"

Achemwali, pepani ndi zomwe zawachitikira amayi, ndipo mwachita bwino kufunsa pano asanagwe kachitatu. Achimwene anuwo auzeni atumize ndalamayo ndithu koma isapite ku magalasi kaye ayi, ikhale ya thiransipoti, muwatenge amayi mupite nawo kwa anthu a maso akawayeze diso lililonse palokha. Ine ntchito yanga ndi ya maso, nde ndikamva zoti munthu wa zaka 74 waphonya sitepe ya pakhonde pake pomwe, sitepe yoti wakhala akuiponda zaka ndi zaka, kenako wagwanso kumdima, maganizo anga amathamangira ku ng'ala, ndipo ng'ala olo mugule magalasi odula bwanji siichoka. Mwinanso ndi vuto lina osati ng'ala, n'chifukwa chake ndikukakamira zoti akayezedwe tisanawononge ndalama ya mwana yemwe akuvutikira kunja.

Zoti ndi ukalamba basi zija ndikukana. Ukalamba ulipo inde, koma munthu sagwa chifukwa cha zaka, amagwa chifukwa sanaone dzenje, kapena wachita chizungulire, kapena miyendo yafooka, ndipo zonsezi zili ndi pogwira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chifukwa chogwa, opitirira 80 peresenti mwa iwowo ndi a m'maiko osauka ndi apakatikati, ndipo ambiri ndi anthu opitirira zaka 60. Mwa anthu a zaka 65 kupita mtsogolo, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse amagwa chaka chisanathe. Chomwe chimandiopsa ine kwambiri ndi fupa la m'chiuno, makamaka kwa amayi achikulire poti mafupa awo amayamba kupyapyala akasiya kusamba. Gogo akathyoka pamenepo amagona miyezi, zilonda za pamsana zimayamba, chibayo chimabwera, ndipo ambiri sabwereranso kumayenda ngati kale. Nde munthu yemwe wagwa kawiri m'chaka chimodzi ife timamuwerenga kuti ali pachiopsezo chachikulu, olo atangosupuka bondo lokha.

Zoti iwo akuti akuona bwinobwino musawatenge ngati akunama. Maso akamatha pang'onopang'ono munthu amazolowera osadziwa, ndipo diso limodzi likakhala labwinoko limabisa linzake, timapeza anthu oti diso lakumanzere linasiya kalekale kuona koma eni ake adziwira pa mpando wathu titawatseka lakumanja. Ena akudziwa ndithu koma safuna kuvutitsa ana, ena akuopa opaleshoni. Komanso kusankha mpunga ndi kuyenda ndi ntchito ziwiri zosiyana za maso. Mpunga uli m'lichero pamiyendo, masana, munthu atakhala pansi. Kuyenda kumafuna maso onse awiri agwirizane kuti munthu adziwe kuti sitepe ndi yakuya bwanji, kumafuna kusiyanitsa zinthu zofanana mtundu, monga simenti yotuwa ya khonde ndi mchenga wotuwa wa pabwalo, kumafuna kuona cham'mbali ndi chapansi pomwe phazi likukaponda, ndiponso kumafuna diso lizolowere mdima msanga. Kuwala komwe kumafika kuseri kwa diso la munthu wa zaka 60 kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a komwe kumafika kwa wa zaka 20, nde madzulo omwe inu mukuti kudakali koyera kwa amayi kwada kale. Taonani nthawi zomwe agwera, chakumadzulo ndi m'bandakucha, zonse ndi nthawi za chisisira.

Mutha kuyamba nokha lero pakhomo. Akhazikeni pamthunzi panja masana, avule magalasi owerengera aja, atseke diso limodzi ndi chikhatho osalisindikiza, ndipo muonetsetse kuti sakusuzumira pakati pa zala chifukwa agogo ambiri amatero. Inu muime patali mamita 6, mapazi akuluakulu 6 kapena 7, muwaonetse zala, ziwiri, zisanu, chimodzi, mosinthasintha. Mukatha musinthe diso. Ngati diso lina likulephera kuwerenga zala pa mamita 6 ndiye kuti lili pansi kwambiri, likalepheranso pa mamita 3 ku chipatala timaliwerenga kuti ndi lakhungu. Koma akakhoza musanene kuti basi zili bwino, zala ndi zazikulu, munthu atha kuziwerenga maso ake ali oti afunika chithandizo. Kenako tengani kakatoni, mubowole kabowo kakang'ono ndi singano yaikulu, ayang'anire pamenepo chinthu chakutali. Akati eee pano nde kwayera, pali mwayi woti magalasi oyezedwa bwino athandiza, akati palibe chasintha ndiye kuti vuto lili m'kati. Muwalitsenso tochi cham'mbali muone kamwana ka diso kakuda kaja, ngati kayera kapena katuwa imeneyo ndi ng'ala yokhwima. Ndipo muziwaona mmene akukhalira. Kodi amazindikira mlendo pokhapokha walankhula, amatchinga maso ndi dzanja akayang'ana kunyanja masana, amafufuza ndi phazi asanatsike, amagwira khoma poyenda, amathira tiyi pambali pa kapu, asiya kupita kumaliro akutali kapena kumapemphero a m'mawa omwe kale samajomba? Zimenezi mukatiuze, zimatithandiza kuposa mmene mukuganizira.

Kopita kwake, BP ndi shuga mutha kuyezetsa pafupi pomwepo pa chipatala cha St Martin's kapena pa health centre iliyonse, koma za maso pitani ku chipatala chachikulu pa boma mukafunse mbali ya maso. Kumeneko akawerengetsa tchati cha zilembo za E pa mamita 6, sichifuna munthu wodziwa kuwerenga, amangoloza komwe miyendo ya chilembo yayang'ana. M'buku lakuchipatala akalemba manambala awiri, la diso lamanja ndi lamanzere, monga 6/6 yomwe ndi kuona bwinobwino, 6/18, kapena 6/60 yomwe ikutanthauza kuti chomwe munthu wa maso abwino amachiona ali pa mamita 60 iwo akuchiona pokhapokha afike pa mamita 6. Akayang'ana kutsogolo kwa diso, akayeza presha ya m'diso, ndipo ngati pafunika akadontheza mankhwala okulitsa kamwana ka diso kuti aone kuseri. Mankhwala amenewa amapangitsa kuti munthu aziona mbuu komanso dzuwa limamuthobwa kwa maola angapo, nde amayi asapite okha tsiku limenelo, muwatengere chipewa kapena ambulera, ndipo potsika minibasi kapena kabaza muwagwire dzanja. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti munthu agwe pochokera koyezetsa maso.

Tsopano za ng'ala, pomwe ndikufuna ndikhalitsepo. M'kati mwa diso muli kagalasi kachilengedwe koonekera bwino, nde ndi zaka kamayamba kuchita chifunga, munthu amaona ngati nyanja ya mu Okutobala utsi ukadzaza mlengalenga, mapiri a tsidya alipo koma sakuoneka. Siipweteka, diso silifiira, n'chifukwa chake anthu amachedwa nayo. Kuno kwathu zoifulumizitsa zilipo zambiri, dzuwa lowala pamadzi ndi pamchenga kwa munthu yemwe wakhala moyo wake wonse akuyanika usipa pathandala kapena kuchapa kunyanja, utsi wa nkhuni, fodya, matenda a shuga, ndi mankhwala ena odontheza m'maso a mtundu wa steroid omwe anthu amangogula diso likamayabwa n'kumadontheza miyezi. Pali kanthu kena komwe kamanamiza mabanja ambiri. Ng'ala ina ikamayamba munthu yemwe amawerenga ndi magalasi amayamba kuwerenga opanda magalasi, kulowetsa ulusi pa singano yekha, anthu n'kumati maso a agogo abwerera. Sanabwerere ayi, kagalasi kaja kakuuma nde kapangitsa kuti zapafupi zizioneka pomwe zakutali zikutha.

Ng'ala ilibe mankhwala odontheza, ilibe mapiritsi, ilibe zitsamba. Chonde madzi a masamba, shuga, mkaka wa m'mawere kaya phulusa zisalowe m'diso la amayi, ng'ala timaichotsa koma chilonda chobwera ndi zinthu zimenezo chimasiya chipsera chomwe sitingathe kuchichotsa. Chithandizo chake ndi opaleshoni basi, ndipo ndi opaleshoni yaifupi, nthawi zambiri siikwana theka la ola, munthu sagonekedwa tulo, amangobaya mankhwala oletsa ululu pambali pa diso, amachotsa kagalasi kachifunga kaja n'kuikamo kena kapulasitiki komwe kamakhala momwemo moyo wonse, mawa lake m'mawa amamasula bandeji. Diso silichotsedwa kuikidwa pa mbale ngati mmene anthu amaopsezerana, ndipo palibe diso la mbuzi lomwe limaikidwa mwa munthu. Komanso zija zoti dikirani ikhwime ndi za kale, masiku ano ng'ala ikayamba kusokoneza moyo wa munthu, ndipo kugwa kawiri ndi kusokoneza kokwanira, imachotsedwa. Opaleshoniyi imachitika ku Zomba Central, ku chipatala cha maso cha Lions pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Nkhoma, ndipo nthawi zina madokotala amabwera m'zipatala za m'maboma kudzachita anthu ambiri nthawi imodzi, nde mukafunse kuti amayi awalembe dzina. M'zipatala za boma simulipira opaleshoni, chomwe chimadya ndalama ndi ulendo ndi chakudya cha gadiyani, apa nde pofunika ndalama ya achimwene ija.

Ndipo pa zonse zomwe timachita ndi maso a okalamba, iyi ndi yomwe ili ndi umboni wooneka woti imachepetsa kugwa. Ku Nottingham ku England anachita kafukufuku yemwe anatuluka mu 2005, pa amayi opitirira zaka 70 omwe anali ndi ng'ala, ena anawachita opaleshoni ya diso loyamba mwachangu, ena anadikira pafupifupi chaka pamndandanda. Kwa omwe anachitidwa mwachangu kugwa kunatsika ndi 34 peresenti ndipo othyoka mafupa analinso ochepa.

Koma masiku oyamba akachoka ku opaleshoni muwasamale kwambiri. Usiku woyamba diso lochitidwa opaleshoni lija ndi lomangidwa, akuyenda ndi linzake lomwe mwina nalonso lili ndi ng'ala, pafunika munthu wogona nawo pafupi. Masabata otsatira maso awiriwo amakhala osagwirizana, lina likuona kwambiri lina mbuu, nde kuyeza kutalika kwa sitepe kumavutabe, musachoke ku chipatala musanafunse za diso lachiwiri. Mankhwala odontheza amalize monga auzidwira, madzi a m'nyanja asalowe m'diso, kukhitchini kwa utsi apumeko kaye, ndipo magalasi akale aja mwina sagwiranso ntchito.

Nkhani ya magalasi tsopano. Funso loyamba lomwe ndikanakonda mukawafunse amayi ndi ili, tsiku lomwe anaphonya sitepe lija magalasi apamsika aja anali kumaso? Magalasi amenewo ndi owerengera, pa mwendo wake kapena pakona pamalembedwa +2.00, +2.50, +3.00. A +2.50 anapangidwa kuti munthu aone chinthu chomwe chili pa masentimita 40, buku, foni, lichero. Pansi pomwe akuponda ndi patali kuposa pamenepo, nde akaimirira nawo pansi ponse pamachita mbuu. Ambiri savula chifukwa aiwala, ena amaona kuti akuwakhala. Powerenga ndi abwino ndithu ndipo sindikuti muwataye, koma akaimirira avule, muwamangire kachingwe azilendewera pakhosi. Nde mwaona kuti kugula ena amphamvu kuposa amenewa kungowonjezera vuto, mphamvu ikakwera pansi pamachita mbuu kwambiri.

Ngakhale magalasi oyezedwa ku chipatala amafuna ulemu wake. Ku Sydney ku Australia kafukufuku wa mu 2007 anadabwitsa anthu a ntchito yathu, okalamba ofooka a zaka 70 kupita mtsogolo omwe anayezedwa maso, ena n'kupatsidwa magalasi atsopano, anagwa kwambiri kuposa anzawo omwe anasiyidwa mmene analiri. Zikuoneka kuti magalasi akasintha mphamvu kwambiri nthawi imodzi zinthu zimaoneka zazikulu kapena zazing'ono, pafupi kapena patali kusiyana ndi pomwe zilidi, nthawi zina pansi pamaoneka popendekera, ndipo ubongo wa munthu wamkulu umatenga nthawi kuti uzolowere. Anthu ena akamva zimenezi amati basi kuyezetsa n'kosathandiza, ine sindikuona choncho, phunziro lake ndi loti woyeza adziwe kuti munthuyu amagwa kuti asasinthe mphamvu yonse kamodzi, ndipo magalasi atsopano ayambe kuvalidwa pakhomo, masana, sabata imodzi kapena ziwiri asanapite nawo kumsika kapena kudimba. Enanso oti musamale nawo ndi aja a magawo awiri, pamwamba poonera kutali pansi powerengera. Munthu akamatsika sitepe amayang'anira gawo lapansilo lomwe ndi lowerengera. Kwa gogo yemwe amayenda panja kwambiri, m'njira za miyala ndi mizu, bola magalasi awiri osiyana, oyendera ndi owerengera. Ndipo magalasi a malemu kapena a neba asavalidwe, maso a anthu safanana.

Pali matenda ena omwe ndimawaopa kuposa ng'ala chifukwa chomwe chatayika sichibwerera, glaucoma, yomwe ambiri amaitchula kuti BP ya m'maso ngakhale siyenderana ndi BP ya magazi. Presha ya m'diso nthawi zambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21, ikakwera imapha mtsempha wa diso pang'onopang'ono kuyambira m'mbali, pakati pamatsala poona bwino mpaka kumapeto, nde munthu atha kuwerenga tchati chonse koma akupunthwa pa mtondo womwe uli pafupi ndi phazi lake. Ife anthu akuda imatigwira kwambiri komanso msanga, ndipo imayenda m'magazi, amayi akapezeka nayo inu ndi achimwene anu mukayezetsenso, makamaka ngati mwapitirira zaka 40. Mankhwala ake ndi odontheza tsiku lililonse moyo wonse kapena opaleshoni, ndipo saona kusintha kulikonse akamadontheza chifukwa ntchito yake ndi kusunga zomwe zatsala, apa m'pomwe ambiri amasiyira. Mankhwala ofala ndi timolol, ngati amayi ali ndi mphumu kapena mtima wogunda pang'onopang'ono munene asanawapatse, chifukwa ngakhale ndi a m'maso amatha kubanikitsa komanso kubweretsa chizungulire. Kwa omwe amasala mwezi wa Ramadan, mankhwala odontheza kawiri patsiku atha kudonthezedwa nthawi ya daku ndi pomasula madzulo, palibe chifukwa chowasiyira mwezi wonse.

Ngati ali ndi shuga, kuseri kwa diso kuzionedwa kamodzi chaka chilichonse olo akuona bwino, ndipo shuga yemweyo amachititsanso mapazi dzanzi munthu osamva pomwe waponda. Za trachoma, nthenda ya maso yopatsirana ija, dziko lathu linavomerezedwa ndi WHO mu 2022 kuti lathana nayo ngati vuto la anthu ambiri, koma agogo omwe anadwala ali ana alipo omwe zikope zawo zinapindikira m'kati ndipo nsidze zimakanda diso. Mukaona amayi akuzula nsidze kapena misozi ili chuchuchu nthawi zonse munene, opaleshoni yake ndi yaing'ono.

Ndisakunamizeni kuti zonse ndi maso. Kugwa kwa m'bandakucha kuja kukhoza kukhala kwa chizungulire, munthu wadzuka mofulumira mkodzo wamupana, magazi sanafike bwino kumutu. Apempheni awayeze BP atagona kenako ataimirira. Mutenge mankhwala onse omwe amamwa m'jumbo, ngakhale ogula pagolosale, chifukwa ena a BP amakodzetsa usiku, Piriton ndi mapiritsi ogonetsa amalezetsa thupi mpaka m'mawa, ena a shuga amatsitsa shuga kwambiri munthu akapanda kudya. Musawasiyitse nokha, dokotala ndi yemwe asinthe. Kutentha kwa kuno nakonso, agogo ambiri amamwa madzi ochepa dala poopa kudzuka usiku nde thupi limauma, bola amwe okwanira masana n'kuchepetsa kukamada. Mawondo, makutu, kuchepa kwa magazi, zonsezo zionedwe.

Pomwe mukudikira ulendo wa ku boma, pakhomo pali ntchito yoti muyambe lero ndipo siifuna ndalama zambiri. Ku New Zealand mu 2005 anapeza kuti kwa okalamba a zaka 75 kupita mtsogolo omwe maso awo anali ofooka kwambiri, kungokonza pakhomo mothandizidwa ndi munthu wodziwa kunachepetsa kugwa ndi 41 peresenti. M'mphepete mwa sitepe ija pakani laimu kapena penti yoyera kuti isiyane ndi pansi, ndipo muzikepo mtengo wolimba pambali woti azigwira. Tochi kaya ka nyale ka sola kazigona nawo m'neti pafupi ndi pilo, osati pawindo pomwe mpaka aimirire kaye mumdima kuti akatenge. Neti yomweyo imakola mapazi, akamatuluka ayambe akhala pansi, aikweze bwinobwino, akhale m'mphepete mwa bedi kapena pamphasa kamphindi ndithu kenako aimirire. Usiku ine ndimalangiza ndowa yokhala ndi chivindikiro kuchipinda, ndikudziwa amayi ambiri amakana poona ngati mukuwachotsera ulemu, mulankhule nawo inuyo mwana wamkazi panokha osati pagulu. Akakanitsitsa, njira ya kuchimbudzi isesedwe madzulo aliwonse, zitsa ndi mizu zizulidwe, mumange chingwe kuchoka pakhomo kukafika kumeneko, ndipo m'chimbudzimo mukhale mtengo wogwira podzuka chifukwa kunjuta n'kudzukanso kwa munthu wa zaka 74 si masewera. Kubafa miyala ya ndere ichotsedwe kapena ikwechedwe, asambe atakhala pa kampando, chimodzimodzinso pamalo potawaza ngati amaswali, pansi ponyowa paja ndi poterera. Adzukulu aphunzire kuti beseni, mbaula, mpira, chingwe cha mbuzi sizisiyidwa panjira, ndipo katundu wa m'nyumba musamasunthe osawauza, munthu wosaona bwino amayenda ndi kukumbukira. Mapatapata otha kunsi atayidwe, apeze nsapato yogwira chidendene, chitenje chisakwekwereze pansi. Ndodo ikhale yofika pamfundo ya dzanja akaimirira manja ali pansi, kunsi kwake muikeko labala.

Chinthu chimodzi chomwe mabanja achikondi amalakwitsa ndi kumuletsa gogo chilichonse, khalani pansi amayi tichita ndife. Miyendo ikakhala imafooka msanga ndipo kugwa kumabwera pafupi. Aziyenda masana, azisesa, azipita kwa anzawo ndi mdzukulu pambali, ndipo tsiku lililonse aziimirira n'kukhala pa mpando wolimba kangapo motsatizana, poyamba akugwira kenako osagwira akamakwanitsa.

Pali zina zosadikira ndalama ya ku Johannesburg. Diso likasiya kuona mwadzidzidzi olo osapweteka, akaona ngati chinsalu chakuda chatchinga mbali imodzi, akayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, diso likafiira n'kumapweteka mpaka mutu ndi kusanza, kapena kusaona kukabwera pamodzi ndi kupindika kamwa kapena kufooka mkono, pitani tsiku lomwelo. Akagwa n'kulephera kuimirira, mwendo ukuoneka waufupi phazi lagonera kunja, musawakoke kapena kuwathowa, anyamulidwe atagona mpaka ku chipatala. Akamenyetsa mutu muwayang'anire kwa masabata angapo, kusokonezeka, kugonagona kapena mutu wosatha zimatha kubwera mochedwa magazi akamadontha pang'onopang'ono m'mutu, makamaka kwa omwe amamwa aspirin kapena mankhwala ena osungunula magazi.

Tsiku lopita ku boma lawirirani, mutenge buku lakuchipatala, magalasi onse omwe ali nawo ndi jumbo ya mankhwala ija. Mukalowa, mawu oyamba akhale akuti amayiwa agwa kawiri chaka chino, chifukwa agogo ambiri akafunsidwa amangoti maso amayabwa nde amatuluka ndi kachubu ka mankhwala opaka nkhani yeniyeni isanakambidwe. Musanatuluke mufunse kuti diso lililonse lapeza nambala yanji, presha ili bwanji, kuseri kwaonedwa kapena ayi, ngati ndi ng'ala opaleshoni ichitikira kuti ndipo liti, ngati ndi magalasi ndi oyendera kapena owerengera. Akapezeka kuti maso alibe vuto lalikulu, abwerenso pakatha chaka, kapena msanga akagwanso.